Duku Loyera la Amayi

Amayi anga anali wapampando wa amayi a Lachinayi pa mpingo wathu kwa zaka zambiri, mpaka tsiku limene tinaika m'manda mng'ono wawo. Ine, mwana wawo wamkazi, ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina pa Chinakanaka, ndipo mabulauzi ndi maduku ambiri amene amayi amenewa amavala anadutsa m'manja mwangamu. Ndiye za yunifolomu musandiuze, ndikuidziwa kuyambira pa kolala mpaka kumpendero.

Amayi a Lachinayi ndi gulu la amayi a mumpingo limene limakumana Lachinayi masana. Amavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Ndiwo amasesa m'tchalitchi, kuzonda odwala, kuphika pamaliro ndi kulangiza atsikana okwatiwa. Koma chimene munthu amalowera m'gululi, kunena mosabisa, ndi tsiku lake lomaliza. Mnzawo akamwalira amamusambitsa okha, kumuveka yunifolomu, kumumanga duku, kenako n'kunyamula bokosi kuchoka pasiwa akuimba nyimbo yawo. Ndinamvapo amayi ambiri akunena ali pabenchi yanga kudikira bulauzi kuti, "Soka bwino mwana iwe, imeneyi ndi yopita nayo."

Kwathu kuno mwamuna akakwatira amadzakhala kwa mkazi. Abambo anga anachokera cha ku Nkando kudzakhala mkamwini pamudzi pa amayi. Munda ndi wa amayi, ana ndife a amayi, nyumba anamanga ndi abambo koma dothi lake si lawo. Ngakhale malo amene pali tchalitchi chathu anapereka ndi mbumba yathu yomweyi. Ndikukumbuka abambo akufuna kudula mtengo wa mango umene unkagwetsera masamba padenga. Anayamba auzungulira sabata yathunthu, kenako n'kukafunsa amayi mwaulemu, amayi n'kukana, ndipo mtengowo ulipo mpaka lero. Koma Lamulungu likafika abambo omwewo ankavala jekete n'kukakhala kutsogolo ngati mkulu wa mpingo, ndipo amayi akafuna kupereka chilengezo cha gulu lawo ankapita chogwada kukawanong'oneza. Ife sitinkaonapo chachilendo. Tinabadwa zili choncho.

Amene anaona chachilendo ndi mayi wina wa ku Ghana. Anabwera kudzaphunzitsa pa sekondale ina yapafupi, amuna awo akugwira ntchito ku kampani ya tiyi. Anali wamtali, wa mawu aakulu, woseka mpaka kuwomba m'manja. Anayamba kupemphera nafe, ndipo pasanapite nthawi analowa gulu la Lachinayi. Bulauzi yawo ndinasoka ndine, ndipo anaibweza kawiri ati m'khwapa mukuthina. Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti akasoketse kwawo komweko. Koma kenako tinazolowerana, moti akaweruka ankadzakhala pabenchi yanga n'kumasenda nanazi uku akundiphunzitsa za dziko lawo ndisanawafunse.

Ankati kwawonso, kumtundu wawo, mwana ndi wa kuchikazi ngati kuno. Koma kumeneko kuli mayi amene ali ndi mpando wakewake, ndipo ndi iyeyo amaloza munthu woti akhale mfumu, mfumuyo ikalakwa n'kuidzudzula anthu akumva. Kumsika amayi ogulitsa tomato ali ndi mfumukazi yawo, a nsomba yawonso, ndipo ikalankhula msika wonse umamvera. Azakhali awo enieni anali abusa, obatiza ndi kudyetsa mgonero. Ine ndinkangopalasa makina n'kumati, "Kaya, kwanu komweko."

Tsiku lina mayi wa ku Ghanayo anawapeza amayi ali pakhonde langa, ndiye anawafunsa m'Chichewa chawo chopotokacho.

"Mayi, nthaka ndi yanu, ana ndi anu, tsache la m'tchalitchi ndi lanu. Nanga mumagwadiranji?"

Amayi sanakwiye. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Maondowa ndi anga, achemwali. Ndimadziwa pogwadira."

Tsopano za amayi aang'ono. Iwo anali mng'ono wa amayi, bere limodzi, ndipo ankathyola tiyi ku esiteti. Analowa gulu la Lachinayi ali mtsikana, ndipo poimba ndiwo ankayambitsa nyimbo. Amuna awo anapita ku Joni n'kutchona. Poyamba ankaimba foni, kenako foni inaleka kugwira, zaka n'kumapita. Kuti anamwalira kapena anakwatira wina, palibe anatiuza. Amayi aang'ono anadikira mpaka ana anakula, kenako anatenga bambo wina wa ku Likhubula, wa aja onyamulira alendo katundu pokwera phiri. Munthu wofatsa, wa mapewa otambalala. Ankhoswe anakumana, mudzi unavomera, bamboyo n'kudzamanga kakhitchini ndi kukonza denga limene linkadontha kuyambira kalekale.

Mpingo sunavomere. Akulu a mpingo anati ukwati woyamba unadalitsidwa m'tchalitchi, ndipo palibe waona mtembo wa mwamuna woyambayo. Amayi aang'ono anadulidwa. Munthu akadulidwa sadya mgonero, amakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo ngati ali wa Lachinayi amalandidwa yunifolomu. Wokalanda ndi wapampando. Lamulo limatero, ndipo amayi sanatume munthu. Anapita okha kunyumba kwa mng'ono wawo, pabwalo limodzi lomweli, n'kutuluka ndi bulauzi ndi duku atazipinda pamkono. Ndinawaona akudutsa pansi pa mango uja osacheuka. Anakazipereka kwa akulu a mpingo, n'kutsekeredwa m'kabati ya m'kachipinda ka kuseri kwa guwa.

Ine zinandinyansa, ndipo ndinanena. Mkulu wa mpingo wina anali atapereka mimba kwa mtsikana wogulitsa mandasi chaka chomwecho, ndipo nandolo asanakhwime anali atabwerera kale pampando wake, jekete ili pathupi. Ndinawauza amayi zimenezi mokweza. Iwo anangoti, "Iwe soka zovala. Za mpingo zili ndi eni ake."

Patapita zaka, bambo wa ku Likhubula uja anadwala chifuwa n'kumwalira. Amayi aang'ono atasudzulidwa mwamwambo analowa kalasi ya obwerera, imene odulidwa amalowa akafuna kubwezedwa mumpingo. Lamulungu lililonse ankafika m'mawa, kukhala pabenchi yakumbuyo ija, kuimba chapansipansi ngati munthu wobwereka mawu. Kalasi anamaliza. Chinatsala n'choti abusa abwere tsiku la mgonero adzawabweze pamaso pa mpingo. Koma abusa athu anali ndi matchalitchi ambiri, ankangofika mwa apo ndi apo, ndipo chaka chimenecho mvula inagumula mlatho, mgonero n'kuimitsidwa. Amayi aang'ono anabwera pakhonde langa kudzandiuza kuti bulauzi ija mwina idzafunika kuikulitsa, ananenepako. Ndinawayeza. Sabata yotsatira anagwa m'munda wa tiyi dengu lili kumsana, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatisiya.

M'mawa wa tsiku loika maliro akulu a mpingo anakumana m'kachipinda kaja. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza ka nkhungu, phiri osaoneka n'komwe. Amayi anandiuza kuti ndiwaperekeze. Titafika anavula nsapato, n'kugwada pakhomo, manja pamodzi. Ine ndinagwada pambuyo pawo. M'katimo munali amuna okhaokha, abambo ali pakati pawo.

"Akulu a mpingo, ndabwera kudzapempha yunifolomu ya mwana wanu," anatero amayi. "Kalasi anamaliza. Chimene chinamuchedwetsa ndi mlatho."

Mkulu wina wokalamba, amene ankatsogolera kalasi ija, anakanda kumutu n'kunena kuti zoona mayiyo sanajombepo, mwina ayese kuwaimbira foni abusa amve maganizo awo. Wina anayamba kupapasa m'thumba kufuna foni. Ndinaona mapewa a amayi akutsika pang'ono.

Nthawi yomweyo anatulukira mayi wa ku Ghana uja, ali wefuwefu, ambulera ili m'manja. Anali atamva kusiwa kumene tapita. Abale inu! Sanaime pakhomo. Anatilumpha ife ogwadafe, nsapato zili kuphazi, n'kukaima pakati pa amunawo chala chili m'mwamba. Anayamba m'Chichewa, chitawathera anapitiriza m'Chingerezi. Anati malo ano anapereka ndi amayi awa, njerwa anaumba ndi amayi, madzi omangira anatunga ndi amayi, ndiye inu ndani kuti mukanize nsalu? Anati kwawo mayi wa mpando akanangolankhula kamodzi, amuna onsewa akanaimirira. Zonse zimene ananena zinali zoona, palibe limodzi labodza. Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kameneka tsiku limenelo kanatema ife.

Foni ija inabwerera m'thumba. Mkulu wa mimba ya mandasi uja, iye amene, ndiye anayamba kulankhula. Anati akalola lero, mawa dziko lonse limva kuti akulu a mpingo uno amaopa chala cha mkazi. Enawo anang'ung'udza movomereza. Anatiuza kuti tidikire panja, ndipo tinaima m'chiperonimo. Mayi wa ku Ghana anafuna kuwafunditsa amayi ambulera, ine n'kuikankha. Ndinali nditapsa mtima zedi. Lero ndikaganiza ndimaona kuti mwina akanakanabe, foni kapena popanda foni, koma tsiku limenelo ndinkafuna womuloza chala.

Wodzatiuza chigamulo anali abambo. Anaima pakhomo, osatiyang'ana kumaso.

"Amayi wapampando, malamulo salola. Munthu amabwezedwa ndi abusa, ndipo uyu sanabwezedwe. Mapemphero tichita. Koma yunifolomu situluka, amayi a Lachinayi asanyamule bokosi, ndipo abwere atavala zitenje wamba."

"Ndamva, akulu a mpingo," anatero amayi. Anavala nsapato zawo tinabwerera.

Thupi tinasambitsa ife apabanja, n'kuliveka diresi ndi chitenje chatsopano. Amayi a Lachinayi anabwera m'zitenje wamba monga anauzidwira, n'kukhala pansi m'mbali mwa nyumba mitu ili pansi. Chakumasana bokosi linatulutsidwa pabwalo kuti anthu aone nkhope. Abambo ndiwo ankatsogolera mwambo, ataima kumutu kwa bokosi ndi buku la nyimbo. Amayi sanali pagulu. Ndinaganiza kuti agona m'nyumba, chisoni chawagwira.

Anatuluka mzere woona nkhope uli pafupi kutha. Anali atavala yunifolomu yonse, bulauzi yosita, duku lomangidwa bwino mfundo ili kumbuyo. Pabwalo lonse, anthu odzaza mpaka kumsewu, choyera chinali chokhacho. Anayenda osathamanga mpaka pabokosi. Anamuyang'ana mng'ono wawo kanthawi, kenako anakweza manja n'kumasula duku lawo. Anatukula mutu wa malemu ndi dzanja limodzi, n'kulimanga monga ankamangira akufa onse a gulu lawo, kukonza pamphumi, kubisa nsonga. Atatha anaimirira mutu uli pamtunda, imvi zili mbee, pamaso pa amuna onse aja. Kuno mkazi saima pamaliro mutu uli pamtunda. Ine, mwana wawo, ndinali ndisanaonepo imvi zimenezo panja pa nyumba.

Mkulu wa mandasi uja anakuwa kuchokera pamipando kuti achotse, achotse chimenecho bokosi lisanatsekedwe. Amayi akakwiya ankatembenukira ku Chilomwe, ndipo anayamba ndi Chilomwecho, kenako n'kubwereza m'Chichewa kuti aliyense amve.

"Ndinamuvula ndine, ndamuveka ndine. Wofuna kumasula abwere amasule."

Palibe anadzuka. Akanadzuka ndani? Za m'kabati ya tchalitchi ndi za akulu a mpingo, koma mtembo ndi wa mbumba. Mwamuna wobwera sakhudza mutu wa mkazi wakufa wa pamudzi pa eni. Akulu a mpingo onse aja, ndi majekete awo, anali akamwini okhaokha, aliyense pamudzi pa mkazi wake. Woyandikira kwambiri anali abambo, dzanja lawo likanafika osasuntha phazi. Maso onse anali pa iwo. Buku lija linali m'manja mwawo. Analitsegula, n'kutchula nyimbo, n'kuuza adzukulu okumba manda kuti atseke bokosi.

Ananyamula ndi adzukulu, osati amayi a Lachinayi, ndipo nyimbo ya gulu sinaimbidwe. Palibe mayi wina anaimirira kumbali ya amayi, ndipo sindiwada, aliyense anali ndi tsiku lake lomaliza loti aliteteze. Mayi wa ku Ghana yekha ndiye anavula chitenje chake chapamwamba kuti awaphimbe kumutu, misozi ili chuchuchu. Amayi anamugwira dzanja n'kulitsitsa mwaulemu. Anayenda choncho mpaka kumanda ndi kubwerako, chiperoni chikuwanyowetsa tsitsi.

Lamulungu lotsatira abambo anawerenga okha chilengezo choti amayi achotsedwa pampando ndipo adulidwa chifukwa chonyoza akulu a mpingo. Mawu awo sanagwedezeke. Amayi ananyamuka pamalo awo akutsogolo n'kukakhala pabenchi yakumbuyo, pomwe ankakhala mng'ono wawo. Kunyumba anawapatsa abambo madzi osamba m'manja ngati masiku onse. Ndinadikira mkangano sabata yonse, osaumva. Wapampando watsopano anabwera kudzalanda bulauzi monga mwa lamulo. Anakhala pamkeka, anamwa thobwa, anadandaula za mbozi m'chimanga, n'kutsazika osatchula chimene anadzera.

Mayi wa ku Ghana anabwera kudzapepesa. Amayi anamuuza kuti palibe chopepesa, mawu ake anali olunjika, kungoti anawanenera m'chipinda cha eni. Anakhala nafe zaka zingapo kenako anabwerera kwawo. Amandiimbirabe foni nthawi zina, ndipo funso lake loyamba limakhala lakuti kodi tayamba kuima m'malo mogwada. Ndimamuuza kuti pang'onopang'ono. Masiku ano pa mpingo wathu pali amayi awiri amene ndi akulu a mpingo, amalowa m'kachipinda kaja ndi nsapato zawo. Sindinganene kuti chinayambitsa ndi duku lija, matchalitchi ena anali atayamba kale, ife tinangochedwa monga mwa nthawi zonse.

Amayi analowa kalasi ya obwerera osanyinyirika, ndipo abusa atabwera anawabweza. Anayambanso kupita Lachinayi, atavala bulauzi ndi siketi, koma kumutu ankamanga kampango ka chitenje wamba. Pampando sanabwererepo. Ndinawauza kangati kuti ndiwasokere duku lina, ntchito yosatenga ndi nthawi yowiritsa madzi a tiyi. Ankangoti, "Langa lilipo. Pali amene akundisungira."

Tsiku lina abambo anafika pakhonde langa ndi nsalu yoyera yogula ku Nkando, atakulunga m'pepala. Anaiika pamakina n'kunena chapansipansi kuti, "Uwasokere amako." Ndinasoka, ndinapenderera bwino, ndinakapereka ndi kunena kumene yachokera. Amayi anaitembenuza uku ndi uku, anayamikira ulusi wake, ndipo mawa lake ndinaipeza itavundikira ndowa ya thobwa. Abambo anaiona, n'kumwa thobwalo.

Amayi anamwalira chaka chatha, nthawi yokolola nandolo, atadwala pang'ono chabe. Amayi a Lachinayi anabwera onse ali mbee kudzawasambitsa. Wapampando wa masiku ano ndi wina, mayi wa msinkhu wanga, wodziwa malamulo, ndipo nkhani yakale ija anangoimva. Ndinatulutsa bulauzi ndi siketi m'sutikesi. Anafunsa duku. Ndinati palibe. Anati yunifolomu siikhala yathunthu popanda duku, lamulo silola kuti munthu apite choncho, ndipo poti ine ndine telala ndithamange ndikasoke, kapena wina abwereke lake. Amalume, eni mbumba, anali asanafike. Ine mutu unali utaima, ndipo ndinali nditayamba kale kufunafuna makiyi a makina.

Tinamva kukhosomola pakhomo. Anali abambo. Akalamba tsopano, ukulu wa mpingo anatula, amayenda ndi ndodo. Mwamuna safika pakhomo la nyumba imene akazi akusambitsa maliro, ndipo amayi ena anakoka chitenje kutchinga. Iwo sanalowe. Anatsamiritsa ndodo kukhoma, anavula nsapato, n'kutsika pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, mpaka anagwada pakhomopo manja ali pamodzi.

"Amayi wapampando, ine ndine mkamwini, pano ndilibe mawu," anatero. "Malamulo ndikuwadziwa, ndinawerengapo ambiri. Koma ndikupempha. Musawamange lina. Lawo akalipeza komweko."

Wapampando anayang'ana ine. Ndinabweza makiyi m'thumba. Palibe analankhulanso za lamulo, ndipo mayi wina wachikulire anapita kukawadzutsa abambo, poti okha sakanatha.

Ndinatenga chipeso n'kuwapesa amayi imvi zawo bwinobwino. Ananyamulidwa ndi amayi a Lachinayi, nyimbo yawo ikuimbidwa, ndipo tinawaika pafupi ndi mng'ono wawo mutu uli pamtunda.